Ndalama za buloko ya sukulu: tigule zipangizo tsopano kapena tidikirebe?

Wapampando, ku Lilongwe:
Ndikulonjereni nonse, abale ndi alongo a m'gulu lathu la chitukuko, amene muli kumudzi ku Ntcheu, amene muli m'matauni, komanso inu a kunja. Komiti yandituma kuti nditule pamaso panu nkhani ya ndalama zimene takhala tikusonkha zomangira buloko ya makalasi awiri pa pulayimale ya kwathu. Poyamba tinapangana kuti sitidzakumba maziko mpaka ndalama zonse zitakwanira, poopa kusiya chipupa chosafolera kuti chizigumuka ndi mvula. Panganolo likufunika kulionanso, chifukwa mitengo imene mmisiri anatiwerengera chaka chatha cha 2023 inatha ntchito. Palinso nkhani ya K20,000 ya pamwezi, imene ena atsalira nayo ndipo akupempha kuti itsike, pamene ena akufuna kuti ikwere. Ndipempha mayi Msungichuma kuti ayambe ndiwo kutiuza mmene thumba lilili.

Msungichuma, ku Blantyre:
Zikomo bambo Wapampando. Mu akaunti ya gulu muli ndalama zopitirira pang'ono K10 miliyoni, ndipo palibe tambala imene inasowa, koma chiwerengero chimenechi chisatinamize. Kumayambiriro kwa Novembala 2023 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K1,180 kubanki, ndipo Banki Yaikulu italengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dola yomweyo inafika pa K1,700. Ndiye kuti K10 miliyoni imene madzulo inali madola pafupifupi 8,500 inadzuka m'mawa ili madola 5,900. Kugwa kumeneku kunabwera pamwamba pa kuja kwa 25 peresenti kwa mu Meyi 2022. Wina anganene kuti sukulu sitimanga ndi madola, koma malata, zitsulo, misomali, penti, magalasi ndi dizilo wa lole yotuta mchenga zonse zimatsatira dola, chifukwa zina zimachokera kunja ndipo zina zimapangidwa kuno ndi zipangizo zoitanitsa kunja.

Chiwongoladzanja chimene banki ikutipatsa n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, kumene malinga ndi National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, kwapitirira 30 peresenti pachaka mu 2024 muno. Ndinafunsanso za fixed deposit, kumene ndi kuika ndalama kubanki osazitapa kwa nthawi yopangana, ndi za ma Treasury bill, amene ndi ngongole zimene boma limatenga kwa masiku 91, 182 kapena 364. Amenewa amabereka bwinoko, komabe ngakhale a masiku 364 sakupikisana ndi kukwera kwa mitengo, ndipo pa phindulo amadulaponso msonkho. Maganizo anga ndi akuti ndalamazi zichoke kubanki mwezi uno, tigule zipangizo zimene sizionongeka, ndipo tiyambe kumanga pang'onopang'ono.

Membala wa ku Johannesburg:
Ndikugwirizana nanu mayi Msungichuma kuti kwacha siyosunga, koma sindikuona chifukwa chothamangira kugula malata a denga la nyumba imene maziko ake sanakumbidwe. Ife a kuno tikhoza kuleka kutumiza mwezi ndi mwezi, ndalama zathu n'kumaziika pamodzi mu randi, kenako n'kudzazitumiza tsiku limene mmisiri wanena kuti akufuna chakuti. Randi nayo imagwa, koma siigwa usiku umodzi ngati mmene inachitira kwacha. Ndiponso K20,000 ya lero siilinso K20,000 ya 2022, choncho ndikupempha kuti zopereka zifike pa K35,000, apo ayi tidzasonkha mpaka ana amene tikuwamangira makalasiwo adzakhale atakwatira. Funso langa lomaliza ndi lakuti, popeza aliyense akudziwa kuti osintha ndalama a m'misewu amapereka makwacha ochuluka kuposa banki, n'chifukwa chiyani gulu likukana njira imeneyo?

Msungichuma, ku Blantyre:
Achimwene, funso lanu lomalizalo ndiliyankhe msanga lisanakule. Kusintha ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo cha Banki Yaikulu ndi mlandu, ndipo wa pamsewu sapereka lisiti limene ndingaonetse gulu. Zopereka zizibwera kudzera ku Mukuru kapena kubanki monga kale. Za kusunga mu randi sindikuzikana, bola zisakhale mu akaunti ya munthu mmodzi, chifukwa mwiniwakeyo akadwala, akamwalira kapena akabwezedwa kumudzi mapepala ake atatha, gulu lidzavutika kutsimikizira achibale ake kuti ndalamazo sizinali zake.

Mayi wa bizinesi, ku Limbe:
Ine ndimakhala pamsika tsiku ndi tsiku, ndipo ndikuona kuti tikuiwala kuti ndalama imabereka ikamayenda. M'banki mkhonde yathu munthu akabwereka K100,000 amabweza K120,000 pakutha pa mwezi, phindu limene palibe banki ingatipatse. Bwanji titapatula theka la thumbali n'kumabwereketsa mamembala ochita bizinesi? Njira ina ndi chimanga. Ino ndi nthawi yokolola, mtengo uli pansi, ndipo tonse tikudziwa kuti pofika Januwale ndi Febuluwale umakhala utakwera kwambiri, makamaka chaka chino cha ng'amba. Tikagula tsopano, n'kuthira mankhwala a nankafumbwe, n'kudzagulitsa nthawi imeneyo, buloko yonse ikhoza kutha popanda kukweza zopereka.

Mphunzitsi wopuma, kumudzi:
Ana anga, ndawerenga zonse, ndipo mundilole nditalikitseko chifukwa ndine amene ndili pafupi ndi sukuluyo. Ndiyambe ndi chimanga. Mu Malichi chaka chino cha 2024 Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo kuno sitinachite kudikira wailesi kuti tidziwe, popeza chimanga chinafota chisanamasule. Mukagula chimanga kuti mudzagulitse mu Januwale, ogula ake adzakhala azakhali anu ndi agogo anu omwewa. Adzabwera pakhomo panga ndi beseni kudzapempha kuti ndiwapatseko pangongole chifukwa n'chimanga cha ana awo, ndipo ine sindidzakana. Mukadzaumirira mtengo wa mavenda, dzina la gulu lidzaipa m'mudzi muno kwa zaka zambiri. Phindu limene mwawerengalo lili papepala pokha.

Za kubwereketsa, mwana wanga wa ku Limbe, banki mkhonde imayenda chifukwa anthu ake amakhala mudzi umodzi, amakumana sabata iliyonse, ndipo wolephera kubweza amadziwa kuti anzake abwera kudzanyamula mbuzi kapena njinga. Ife tamwazikana kuyambira ku Mzuzu mpaka ku Ulaya. Ndani adzapite kukalanda katundu wa mlamu wake ku Bangwe? Chaka chino mabizinesi ambiri akugwa chifukwa mtengo wopikulira katundu ukusintha munthu asanamalize kugulitsa wakale, ndiye kubwereketsa tsopano ndiko kupereka ndalama kwa anthu pa nthawi imene kubweza kwavuta kuposa kale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tsopano za zipangizo. Ndikuvomereza kuti tigule, koma osati chilichonse. Simenti sasungika: thumba likakhala miyezi itatu, makamaka pansi pa chinyontho, limayamba kuchita mibulu, ndipo ikadzadutsa mvula limakhala mwala. Komanso musaiwale kuti kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi za mabungwe, choncho khonsolo idzafuna mabuloko a simenti, osati uvuni monga tinkachitira kale. Ndiye ndikuti simenti tigule wokwanira kuumba mabuloko okha, ndipo aumbidwe sabata yomweyo imene wafika, mchenga utatutidwa kale. Buloko ikaumbidwa n'kuthiriridwa bwino masiku ake imakhala zaka osasintha, ndipo wakuba sangaibise m'jekete. Malata, zitsulo ndi mafelemu a mawindo zimasungika, bola zikhale pouma ndiponso zisagunde pansi. Matabwa tisagule msanga, chifukwa amapindika ndipo chiswe kuno sichigona.

Chotsiriza, mwazolowera kunena kuti mchenga, miyala ndi madzi ndi udindo wa a kumudzi. Chaka chino munthu akadzuka amapita kukafuna ganyu kuti ana adye madzulo, ndipo ngakhale a Gulupu ataitana anthu ku chitukuko, ofika adzakhala ochepa. Ikani m'bajeti kandalama ka otuta mchenga ndi amayi otunga madzi.

Namwino, ku Manchester:
Zikomo amalume, mwatitsegula maso. Ine ndibwerere ku K35,000 imene achimwene a ku Johannesburg atchula, chifukwa ndikuona kuti ife a kunja tikhoza kupweteka anzathu mosadziwa. Kwacha ikagwa, paundi kapena randi imene timatumiza imasanduka makwacha ambiri, moti K35,000 kwa ine ikhoza kukhala yosasiyana kwenikweni ndi mmene K20,000 inalili chaka chatha. Kwa mphunzitsi wa ku Balaka kapena mlonda wa ku Kanengo zinthu zatembenuka: malipiro sanakwere molingana ndi sopo, shuga, mafuta ophikira, thiransipoti ndi lendi. Kumuuza munthu wotere kuti awonjezere ndiko kumutuma kwa akatapila, ndipo tonse tikudziwa mmene amachitira. Amasunga khadi ya ATM ya wobwerekayo pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, tsiku la malipiro amapita okha kumakina kukatapa zawo ndi chiwongoladzanja chomwe, mwini wake n'kulandira zotsala, zimene sizifika pa 10 mwezi wotsatira, ndiye amabwerekanso. Ngongole za kubanki nazonso zadula chikwezereni Banki Yaikulu chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo amene anatenga kale ngongole aona okha kuti zodulidwa pamwezi zakwera.

Ndikupempha kuti tilembe poyera kuti palibe membala amene ayenera kutenga ngongole kuti apereke ku gulu. Pakhomo payambe pakhala chimanga chokwanira mpaka Malichi, chogulidwa panopa mtengo usanakwere n'kuikidwa m'matumba a PICS osalowa mpweya, fizi ya teremu ikubwerayi ikhale padera, ndiponso pakhale kandalama ka matenda ndi maliro. Zimene mayi Msungichuma anena za thumba la gulu zikugwiranso ntchito pa thumba la aliyense: amene wasunga makwacha kuti adzagule feteleza mu Novembala achita bwino kugula thumba limodzi lero n'kulisunga pouma. Zopereka zisiyane, a kunja tipereke K40,000, a m'tauni apitirize K20,000, ndipo amene zavuta alembere Mlembi mwachinsinsi kuti apume miyezi itatu popanda chindapusa.

Membala wa ku Johannesburg:
Alongo, za katapila mwanena zoona, ndipo K35,000 ya aliyense ndaibweza. Koma musaganize kuti aliyense wa kunja ali ngati inu a ku UK. Ambiri kuno amagwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa ndi za m'mashopu, amalipira lendi ya kachipinda, ndipo njala ikavuta kumudzi foni yoyamba imalira ndi yawo. Chaka chino aliyense wa ife akudyetsa mabanja awiri. Ndikupempha kuti a kunja aliyense anene yekha ndalama imene angakwanitse pamwamba pa K20,000, ailembetse kwa Mlembi, ndipo aisunge mawu ake.

Mayi wa bizinesi, ku Limbe:
Za chimanga ndazisiya, bambo aphunzitsi andigonjetsa. Za kubwereketsa sindinakhutirebe, chifukwa ndalama yotsala pogula zipangizo izikhalabe kubanki n'kumasungunuka, koma ndidikira voti. Chimene ndingawonjezere n'chakuti mashopu a hardware masiku ano amapereka koteshoni ya masiku ochepa, ena ya tsiku lomwelo, choncho osayinira atatu akhale okonzeka tsiku limodzi. Tisalipirenso katundu n'kumusiya m'shopu kuti tidzatenga, chifukwa mtengo ukakwera ena amayamba kunena kuti katundu watha, onjezerani ndalama. Lole ikhale pakhomo pa shopu tsiku lolipiralo.

Mlembi, ku Mzuzu:
Ndalemba mfundo zimene tivotere Loweruka madzulo. Yoyamba ndi yakuti pangano lodikira ndalama zonse lichotsedwe, tigule malata, zitsulo ndi mafelemu, komanso simenti wa mabuloko okha, titayerekeza makoteshoni atatu. Yachiwiri ndi yakuti K20,000 isasinthe, a kunja alembetse okha zowonjezera, ndipo wovutika apume miyezi itatu. Yachitatu ndi ya mayi a ku Limbe yobwereketsa ndalama zotsala, imene ipikisane ndi yoziika mu Treasury bill ya masiku 91, imodzi mwa njira zimene mayi Msungichuma anafunsa. Za akaunti ya randi ndapempha a ku Johannesburg kuti atipatse mayina atatu a osayinira tisanazikambenso. Chimene sichinamveke ndi kosungira katundu, popeza ofesi ya mphunzitsi wamkulu ilibe zitsulo pawindo.

Mphunzitsi wopuma, kumudzi:
Za kosungira ndikakambirana mawa ndi a Gulupu, komiti ya sukulu ndi akuluampingo, chifukwa kutchalitchi kuli chipinda chokhoma bwino ndipo kuli mlonda. Makiyi akhale awiri a maloko awiri, imodzi kwa mphunzitsi wamkulu, ina kwa wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo malata awerengedwe pamaso pa onse n'kulembedwa m'kaundula. Koma musalipire malata mmisiri asanaone pulani ya kukhonsolo, chifukwa utali wake ndi geji yake zimachokera pa pulaniyo, ndipo malata odula kale shopu siilandiranso. Bambo Wapampando, mutumize munthu ku ofesi ya maphunziro pa boma kuti akatenge pulaniyo Loweruka lisanafike.