Thandizeni: ma selection criteria a ntchito ya muofesi ya sukulu kuno ku Victoria

Anaphiri_Werribee

Moni nonse. Kumudzi ndinali bursar pasukulu ina yasekondale yogonera konko, zaka zambiri ndithu. Kuno ku Melbourne ndili ku aged care, kosamalira okalamba, koma msana wayamba kudandaula ndipo mtima wanga uli kuofesi ya sukulu. Ndakhala ndikufunsira ntchito za Education Support m'masukulu a boma, zija za pa front office, koma olo kuitanidwa ku intavyu, ayi. Imangobwera imelo yoti sizinatheke.

Ndimatumiza CV ndi kalata ya tsamba limodzi. Ma key selection criteria, mfundo zija amazindandalika pa advert kuti wofunsira ntchito asonyeze kuti akuzikwanitsa, ndimawayankha m'kalata momwemo. Pa ija ya kulankhula ndi kulemba bwino ndinalemba kuti ndimadziwa kucheza ndi anthu a mitundu yonse, ndine wolimbikira, wokhulupirika, ndipo ndimagwirizana ndi anzanga pantchito. Kodi vuto n'loti zonse ndinazichitira ku Malawi? Komanso paliponse akutchula pulogalamu ya pakompyuta ya CASES21, ine sindinaionepo n'komwe. Amene muli m'masukulu ndithandizeni.

Mayi a Tadala

Achemwali, pepani ndi msanawo. Ine ndili muofesi ya pulayimale ina kumpoto kwa mzinda, ndipo ndakhalapo pa panel yosankha anthu. Ndikuuzeni mmene zimakhalira m'chipindamo. Timakhala anthu osachepera atatu, nthawi zambiri ahedi kapena business manager ali momwemo, ndipo mmodzi amakhala woti anaphunzitsidwa za kusankha mwachilungamo pansi pa Merit Protection Boards, bungwe lomva madandaulo a antchito a m'masukulu a boma. Aliyense ali ndi pepala, ma criteria ali ndondondo, n'kumapereka malikisi pa iliyonse payokha. Ngakhale munthu utamukonda bwanji, sungamupatse malikisi pa chinthu chimene sanalembe, chifukwa mawa ukafunsidwa uyenera kuloza pomwe unachiona.

Ndiye onani chiganizo chanucho. Wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kucheza ndi anthu. Mulu wonse wa mapepala umanena zomwezo. Palibe amene amalemba kuti ndine waulesi. Malikisi ndipereka pati?

Vuto si Malawi ayi. Chotsani ma criteria m'kalatamo, akhale pa dokumenti yawoyawo. Iliyonse muikopere monga momwe ailembera ikhale mutu, pansi pake nkhani imodzi yeniyeni: zinthu zinali bwanji, inu udindo wanu unali wotani, munachita chiyani, zinatha bwanji. Ndi ija amati STAR. Theka la tsamba pa iliyonse likukwana.

Tiyese pompano. Tiuzeni tsiku lina lomwe kholo linabwera kuofesi kwanu litalusa.

Anaphiri_Werribee

Iii, amenewo ndiye analipo ambiri. Wina amene sindimuiwala ndi bambo wina yemwe mwana wake wa Fomu 3 anali pamndandanda wa osalipira fizi. Anachokera kutali, anafika thukuta lili kamukamu, akukuwa kuti analipira kubanki kalekale, tikumubera. Ndinamulowetsa mkati, ndinamupatsa mpando ndi madzi, n'kumupempha ka slip ka kubanki. Kuona, analembapo dzina lake iyeyo m'malo mwa la mwana, ndipo mwanayo kusukulu ankadziwika ndi dzina la kuchimake. Ndinatenga sitetimenti ya banki, ndinafufuza ndi tsiku komanso kuchuluka kwa ndalama, ndinaipeza, ndinalemba risiti pomwepo, dzina la mwana n'kulichotsa pamndandanda.

Kenako ndinaona kuti tinali ndi madipoziti ena angapo opanda mwini chifukwa cha vuto lomwelo. Ndinapempha ahedi kuti pa kalata yotsekera teremu tiziika chithunzi cha slip yolembedwa bwino, dzina la mwana ndi fomu yake, ndipo ndinakafotokozanso pamsonkhano wa PTA m'Chichewa. Teremu yotsatira mavuto amenewo anachepa kwambiri. Koma zimenezi n'zolemba pofunsira ntchito ngati? Si ntchito ya masiku onse imeneyi?

Mayi a Tadala

N'zimenezotu! Mwakhalira golide mukulemba za kulimbikira. M'nkhani imodziyi muli kuziziritsa kholo, muli kuyanjanitsa mabuku ndi banki, muli kulangiza ahedi, mulinso kukonza ndondomeko yatsopano. Pa front office pano n'zomwezo: kholo lalipira ulendo wa kukampu koma pakompyuta sizikuoneka, lili pawindo, foni ikulira, kumbuyo kuli mwana akutuluka kamfuno. Panel ikufuna kuona kuti simudzabalalika.

Ikani manambala amene mukuwakumbukira bwino: ana angati, ogonera angati, ndalama zimene zinkadutsa m'manja mwanu pa teremu. Makwachawo ikani m'madola pambali pake, pakuti sadziwa kuti ndi zingati. Fomu 3 anthu akuno saidziwa, nenani kuti mwana wa kusekondale wa kalasi zakumapeto. Zimene simukuzikumbukira bwino musapeke.

Bambo a Chiko

Ndiwonjezepo kamodzi, mlongo. Pamene mukulemba, samalani ndi "ife". Ifetu tinaleredwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo, ndiye dzanja limathamangira kulemba kuti tinachita, tinakonza, tinagwirizana. Pamwambapa mwafotokoza bwino, ndinatenga, ndinafufuza, ndinapempha, chifukwa mumacheza nafe. Mukakhala pa laputopu manyazi adzabwera. Iwo sakulemba ntchito sukulu yonse ija, akulemba inu.

Kabaza_Dandenong

Inu musavutike, ponyani ma criteria onse mu ChatGPT ikulembereni, mphindi zochepa zatha. Ndipo za CASES21 ingonenani kuti mumaidziwa, mukaphunzira mutalowa. Aliyense amatero.

Mayi a Tadala

Achimwene, pa CASES21 pokha ndikukanirani. Imeneyo ndi pulogalamu ya Department of Education yosungira za ana ndi za ndalama, imapezeka m'masukulu a boma a Victoria basi. Munthu amene CV yake ikuti Malawi kenako aged care anaigwiritsa ntchito kuti? Funso loyamba pa intavyu lidzakhala lomwelo, ndipo ofesi yogwira ndalama za makolo ikakugwira bodza limodzi, zako zada.

Anaphiri, lembani zoona: simunaigwiritsepo ntchito, koma mwasungapo kaundula wa ana, mwalemba malisiti, mwayanjanitsa mabuku ndi banki mwezi ndi mwezi, mumadziwa Excel. Kenako sonyezani kuti mumagwira msanga. Ku aged care kwanuko si muli ndi pulogalamu yolembamo za okalamba? Nenani munaiphunzira bwanji. Dipatimenti imaphunzitsa CASES21 kwa olowa kumene, ndipo ambirife tinaiphunzira tili kale pampando. Tchulaninso Compass, pulogalamu imene masukulu amalumikizirana ndi makolo, ngati ana anu amaphunzira pasukulu yoigwiritsa ntchito, koma nenani kuti mumaidziwa ngati kholo.

Za ChatGPT, ikuthandizeni kuwongola Chingerezi mukamaliza, palibe mlandu. Koma bambo wa slip uja siimudziwa. Ikalemba yokha zimatuluka zosalala zopanda munthu mkati, ndipo tikawerenga zitatu zofanana timadziwa.

Kabaza_Dandenong

Chabwino amayi, pa CASES21 ndagonja. Koma theka la tsamba kuchulukitsa ndi ma criteria 6 ndi masamba atatu. Ndani amawerenga zonsezo?

Mayi a Tadala

Timawerenga, ndi ntchito yathu. Chotopetsa ndi masamba atatu opanda kanthu.

Mlembi_Perth

Kungochenjeza amene akuwerenga ali ku maboma ena: kuno ku Western Australia ntchitoyi amaitcha School Officer, ma criteria amakhala mu JDF, chikalata chofotokoza za ntchitoyo, ndipo kawirikawiri amanena okha kuti masamba asapitirire angati. Akati awiri ndi awiri. Werengani malangizo a pa advert musanatsatire za muno.

Anaphiri_Werribee

Zikomo nonse, maso atseguka. Yandivutabe ndi ija yoti uyenera kuti unayang'anirapo antchito ena. Ndipo ma referee anga enieni ali kumudzi.

Bambo a Chiko

Pasukulu yogonera bursar sayang'anira anthu? Ophika, alonda, wa kusitolo ya ufa ndi nyemba, ndani ankawalembera mashifiti? Sankhani nkhani imodzi, mwina ya mmene munkawerengera matumba ndi wa kusitolo uja kuti mabuku ndi zimene zili m'nkhokwe zigwirizane. Pa ija ya kusamala polemba, mndandanda wa olemba mayeso a MANEB ndi umboni wabwino, chifukwa dzina likalakwika pamenepo limakalakwikanso pa satifiketi ya MSCE.

Ma referee sakanizani. Mmodzi akhale bwana wanu wa panopa, amene angamuimbire lero n'kumupeza. Ahedi akumudzi aikeni, nambala yoyamba ndi +265 komanso imelo imene amaitsekuladi, ndipo lembani pambali kuti Melbourne ili patsogolo ndi maola 8, kapena 9 kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Epulo. Apo ayi adzawaimbira pakati pa usiku. Muwatumizirenso advert ija pa WhatsApp adziwe zimene adzafunsidwe.

Mayi a Tadala

Zina zing'onozing'ono koma zimagwetsa anthu. Working with Children Check, chiphaso chololeza kugwira ntchito ndi ana, ikhale ya Employee, osati ya Volunteer imene ambiri tinatengera kutchalitchi. Imakhala zaka 5. Werengani Child Safe Standards, mfundo zotetezera ana, zilipo 11 kuyambira Julaye 2022, chifukwa pa intavyu funso la chitetezo cha ana silisowa, monga munthu wosalembedwa pa fomu akabwera kudzatenga mwana mutani. First aid ndi CPR yanu ya ku aged care iikeni poonekera, m'masukulu ambiri sick bay ili m'manja mwa a muofesi, ma EpiPen, majakisoni aja a allergy yoopsa, ndi ma puffer a asima omwe.

Pa advert pamakhala dzina ndi nambala ya munthu woti mungamufunse. Imbani. Funsani kuti ntchitoyo yalemera kuti, ku ndalama, ku kulembetsa ana kapena pawindo, kenako sankhani nkhani zanu molingana. Ndipo musanyoze za fixed term kapena za masiku atatu pa sabata, ambiri tinalowera khomo limenelo. Kumene anakukanani posachedwa mukhozanso kupempha feedback.

Anaphiri_Werribee

Ndalemba ya bambo wa slip ija usiku uno nditaweruka, yakwana theka la tsamba ndendende. Kodi ndingaigwiritsenso ntchito pa criterion ya kulangiza akuluakulu, popeza ndinalangiza ahedi?

Mayi a Tadala

Igaweni pawiri. Za bamboyo ndi risiti zipite ku kulankhula ndi anthu, za kalata ya makolo ndi PTA zipite ku kulangiza. Zina zinayi zikhale ndi nkhani zawozawo, ndipo imodzi ichokere ku aged care kuti aone kuti mwagwirapo ntchito kuno. Mukamaliza nditumizireni ku inbox ndione, koma chotsanimo mayina a ana ndi a makolo.