Anandidula kanyama pachilonda kuti akayeze khansa, kudikira kwandikwana

Admin ndibiseni dzina, muno muli abale ndi makasitomala anga ambiri.

Moni nonse. Ndine mayi wa zaka 39, ana atatu, ndimakhala cha ku Chinkhoma kuno ku Kasungu. Ndine telala, makina anga ali pakhonde la golosale ina. Ndili ndi zaka 6 ndinagwera pamoto kukhitchini kwa agogo tikuwotha m'mwezi wa June, ndinapsa pamsongolo wa mwendo wamanzere. Chinapola, chipsera n'kutsala. Ndakula nacho, ndakwatiwa nacho, sichinandivutepo kupatula kuyabwa nthawi yotentha.

Chaka chatha pokolola chimanga phesi linandikanda pachipsera pomwepo. Kanali kachilonda kochepa ngati nyemba, moti ndinangopaka GV n'kupitiriza ntchito. Lero ndi miyezi 10 chisanapole. Chakula ngati chivindikiro cha botolo la Vaseline, m'mbali mwake mwatukuka ndipo mwalimba, nsalu ikangochikhudza magazi. Maantibayotiki ndamwa katatu konse, osasintha. Chondipweteka mtima kwambiri ndi fungo. Tsiku lina ndikuyeza mayi wina m'chiuno ndinaona akutembenuzira nkhope kumbali mwaulemu, ndipo ndinadziwa kuti amva.

Milungu itatu yapitayo ndinapita kuchipatala chachikulu. Adokotala ake achinyamata ndithu, anachiyang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anandigwiragwira m'mphechepeche kufuna mwanabere. Atafunsa kuti chipseracho ndi cha liti, ine n'kunena, anangoti, "Mayi, tidulepo kanyama tikayeze." Akuti dzina lake ndi biopsy. Anandibaya jakisoni wa dzanzi, woluma ngati mavu, kenako sindinamvenso kanthu koma kukoka basi. Anadula m'mphepete mwa chilonda kanyama kosaposa njere ya chimanga, n'kukaponya m'kabotolo ka madzi a fungo lolasa m'mphuno, n'kulembapo dzina langa. Anasoka kawiri. Ine telala kusokedwa, ndinafuna kuseka koma zinakanika. Nditafunsa kuti akukayikira chiyani anati akufuna atsimikize ngati si khansa ya pakhungu. Zonse zimene ananena pambuyo pa liwu limenelo zinangondidutsa. Chomwe ndinatola n'choti zotsatira zitha kutenga mwezi kapena mwezi ndi theka, ndipo adzandiimbira.

Ulusi anachotsa kale. Koma anzanga, tulo ndilibe. Foni ndimagona nayo kumutu, ikafika theka la batire ndathamanga kale kukatchajitsa. Nambala yachilendo ikaimba manja amanjenjemera, dzulo ndayankha mtima uli m'mwamba koma anali mnyamata wofunsa ngati buluku lake ndamaliza. Sabata yatha ndinalumikiza mkono wa diresi chakunja, chinthu chomwe ndinasiya ndili wophunzira.

Kunyumbanso kulibe mtendere. Apongozi anga akuti ndinalakwitsa kulola kudulidwa, ati chilonda chotere chikalawa mpeni chimalusa n'kuyenda thupi lonse. Iwo akuti ndinaponda zotchera ndipo apeza kale munthu woti andione. Bambo a kunyumba amangoti tidikire, n'kupita kuchigafa kukasankha fodya mpaka mdima, nkhaniyi safuna kuikhudza. Mayi anga ondibereka ali ndi BP, sindinawauze. Mwana wanga woyamba ali Folomu 4, alemba MSCE chaka chino, nayenso sakudziwa.

Tsono ndithandizeni. Kodi n'zoona kuti kudulako kumafalitsa khansa? Chifukwa ndikachiyang'ana ndimaona ngati chakula chidulireni, kaya ndi maso a mantha. Amene munadikirapo zotsatira zotere munkatani kuti mutu ugwire? Ndikhale chete kudikira foni, kapena ndipite ndikafunse, sadzandiona ngati wovuta? Nanga mayi anga ndi mwanayu ndiwauze pano kapena ndidikire?

Ndemanga

Mayi wa ku Chamama: Pepani kwambiri asisi. Tikuikani m'mapemphero, Mulungu sagona.

Namwino wa ku Mchinji: Mayi, ndiyambe ndi la apongozilo chifukwa ndi lomwe latilanda anthu ambiri. Kudula kanyama koyeza sikufalitsa khansa ya pakhungu. Chimene chimachitika n'choti anthu amafika kuchipatala matenda atapita kale patali, timadula, pakapita miyezi yochepa munthu n'kutsikira, ndiye kumudzi amati ndi mpeni uja. Wolakwa ndi nthawi imene inatayika munthu asanabwere. Adokotala anuwo anaganiza bwino. Chipsera cha moto chikhoza kukhala phee zaka 20, 30, kenako n'kutseguka chilonda chosapola, ndipo china mwa zilonda zotere chimakhala khansa. Ndikuti china, si zonse. Shuga, kusayenda bwino kwa magazi m'miyendo, TB ya pakhungu ndi tizilombo tina zimabweretsanso chilonda chokana mankhwala. Ndi maso okha ngakhale dokotala wamkulu sangalumbire, n'chifukwa chake anadula. Ngakhale mwanabere musamuwerengere, chilonda chilichonse cha kumwendo chikalowa tizilombo chimamutupitsa.

Mwini nkhani: Zikomo anamwino. Nanga chimachedwetsa n'chiyani? Malungo amatiuza pompopompo.

Namwino wa ku Mchinji: Izi si za kadontho ka magazi ayi. Madzi onunkha aja ndi formalin, amaumitsa kanyamako kuti kasaole, choncho musade nkhawa kuti kaonongeka panjira. Kakafika ku labu amakaika m'phula, n'kukasenga timagawo topyapyala kuposa pepala, n'kutipaka utoto, kenako dokotala wa ntchito yokhayo amationa pa maikulosikopu. Nthawi zina amabwereza ndi utoto wina kuti atsimikize. Ntchito yeniyeniyo ndi ya masiku ochepa, koma madokotala amenewa m'dziko muno ndi owerengeka, timabotolo tikuchokera m'maboma ambiri, kuphatikizapo mayendedwe opita ndi obwerera. Panopa zilikonso bwino. Labu ya mtunduwu ku Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, kale zonse zinkapita ku Blantyre. Kuchedwa sikutanthauza kuti apeza zoipa, kufulumira sikutanthauzanso kuti zili bwino. Koma pachilondapo musathirepo ufa wa m'makapisozi, phulusa kapena zitsamba. Tsukani monga anakuphunzitsirani, mangani ndi bandeji yoyera. Mukaona mafinya ochuluka, mwendo kutupa ndi kutentha, thupi kuphwanya, kapena magazi osaleka, pitani tsiku lomwelo osadikira foni.

Membala wina: Mayi ndipezeni ku inbox, ndili ndi mankhwala achilengedwe othetsa khansa ya mtundu uliwonse m'masiku 14, ambiri achira.

Mnyamata wa kabaza pa boma: Akulu inu manyazi mulibe? Munthu sanauzidwe n'komwe kuti ndi khansa inu mwayala kale malonda. Admin tachotsani uyu.

Admin: Tamuchotsa. Wina aliyense wotsatsa mankhwala pa nkhani iyi atsatira.

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya: Achemwali, ine ndine wa khungu lachialubino, ndipo kwa ife nkhani iyi ndi ya pakhomo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo oposa 134,000 m'Malawi muno. Anthu amatidziwa ndi nkhani za achiwembu zija, koma chimene chimatitha mwakachetechete ndi dzuwa, lomwe limatibweretsera khansa ya pakhungu. Ine andidulapo kawiri. Koyamba pakhutu, zinabwera kuti sinali khansa, anangowotcha timabala tina ndi mpweya wozizira uja. Kachiwiri pakhosi, inali khansa. Anaichotsa yonse pa opaleshoni, papita zaka zinayi, ndikuphunzitsabe Sitandade 7, chipewa chachikulu kumutu, mafuta oteteza kudzuwa m'thumba. Sindikunamizani kuti kudikira kumazolowereka, kachiwiri kanandiwawa kuposa koyamba. Chimene chinandithandiza n'chopusa mukachimva. Ndinadziikira nthawi yodandaula, ndikaweruka, kuyambira pasukulu mpaka kufika kunyumba. Maganizo akabwera m'kalasi ndinkawauza kuti tikumana pamsewu. Masiku ena zinkatheka, ena ayi. Chinanso, lekani kuchiyeza ndi maso m'mawa uliwonse, mupenga. Chijambuleni pafoni kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, mutaika ndalama yachitsulo pambali pake. Mukatero mudzakhala ndi choonetsa adokotala, osati mantha okha. Ndipo zithunzi za pa Google usiku zisiyeni, amaikapo zoopsa zokhazokha.

Mwini nkhani: Aphunzitsi mwandigwira pamtima. Za Google zo mwachita ngati munalipo, mwana wa aneba anandionetsa, usiku umenewo ndinakhala pamphasa mpaka tambala.

Bambo wa ku Santhe: Mlongo wanga, ine ndiyankha za kufunsazo. Pitani. Bambo anga anali ndi chilonda chakuda kuphazi, anawadula ngati inu, tinauzidwa kuti atiimbira. Nambala yomwe tinasiya inali ya mlamu wanga, foni n'kugwera m'madzi, ife osaganiza zokasintha. Tinakhala miyezi inayi tikuti kukhala chete ndiye kuti zili bwino, uku tikuzungulira kwa asing'anga, mbuzi ziwiri zinapita. Pomwe tinkapita pepala linali litafika kalekale. Bambo tinaika chaka chomwecho. Sindikuti tikanapita msanga akanachira, koma mpaka lero zimandidya. Tengani buku lanu la kuchipatala, mukafunse kwa amene anakudulani kuti kanyamako kanatumizidwa liti ndi nambala yake, akulembereni m'bukumo. Siyani manambala awiri a foni. Pemphani tsiku lenileni loti mudzabwere, foni iimbe isaimbe. Mwendo ndi wanu, wovuta ndi ndani pamenepa?

Mayi wa Chigwirizano: Za apongozi musalimbane nawo mwana wanga, nawonso ndi mantha, akungowaonetsa mwa njira yawo. Auzeni amuna anu ndiwo akayankhule ndi mayi awo, si ntchito ya mtengwa imeneyo. Koma wina asakutemeni mphini pamwendo umenewo. Mayi anu auzeni pang'ono pang'ono, kuti chilonda chija akuchipima. Mayi amamva fungo la nkhani, akadzamvera kwa anthu ndiye BP yo idzakwere zenizeni.

Mtsikana wa ku koleji: Koma mwanayo musamuuze kaye chonde, mayeso avuta.

Membala wosadziwika: Ine ndikutsutsa. Mayi anga anandibisira ndili Folomu 4 yomweyo, koma ndinkaona akulira kubafa, ndinkaganiza kuti banja likutha kapena akumwalira mawa. Mwana wa Folomu 4 si khanda, bandejiyo akuiona, fungolo akulimva. Muuzeni zomwe mukudziwa basi: ayeza, tikudikira.

Mtsikana wa ku koleji: Ana amasiyana. Ine ndikanangosiya kuwerenga.

Mwini nkhani: Anamwino mukadalipo? Funso lomwe ndimaopa kulifunsa ndi ili. Ikakhala yomweyo, mwendo adula? Makina anga ndi opalasa ndi phazi.

Namwino wa ku Mchinji: Ndilipo mayi. Sindingakulonjezeni kanthu ndisanaone pepala, ndipo amene angakulonjezeni pano akunama. Koma khansa ya pakhungu ikapezeka isanalowe mkati, kawirikawiri amachotsa chilondacho pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, n'kutenga khungu lopyapyala pantchafu kudzaphimba. Kudula mwendo amakuganizira ikafika pafupa kapena ikakula moti singachotsedwe bwino. N'chifukwa chake bambo a ku Santhe akunena zoona, masiku asamangopita. Tsiku lokamva zotsatira musapite nokha, mwaona kale mmene makutu amatsekekera. Mafunso anu lembani papepala. Yambaninso kusunga kangachepe ka thiransipoti, chifukwa akakutumizani ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 ndipo sukhala ulendo umodzi. Usiku nkhawa ikakula kapena chilonda chikasintha, masana ake imbani ku Chipatala cha pa Foni, ndi ulere. Posoka palasani ndi mwendo wamanja, winawo muziusanjika pakampando mukamapuma.

Telala mnzanu wa ku Mtunthama: Kupalasa ndi phazi limodzi kumatheka amwali, ine ndinatero miyezi itatu nditathyoka. Mzere umayamba wakhota, kenako umawongoka.

Mwini nkhani: Ndabweranso anzanga. Lero ndinapita, bambo a kunyumba anandiperekeza, ndinawawerengera ndemanga ya bambo a ku Santhe usiku ndipo m'mawa ndinangoona avala nsapato. Zotsatira sizinafike. Koma nambala andilembera m'buku, tasiya foni ziwiri, ndipo andipatsa Lachinayi la sabata ya mawa lija kuti ndidzapite ndithu. Pobwerera mu minibasi anandiuza kuti belo loyamba likagulitsidwa pa Chinkhoma ndalama yake sitikhudza, ndi ya mwendo. Aka n'koyamba kuutchula. Mayi anga ndawauza kuti akupima, anangoti ankadziwa kuti pali chinachake chifukwa ndasiya kuwaimbira madzulo. Apongozi sanandiyankhulebe. Mwana uja sindinamuuze, ndikusinkhasinkhabe, abwera Loweruka. Chithunzi choyamba ndajambula ndi K10 yachitsulo pambali. Panopa ndili ndi masiketi asanu ndi awiri a kwaya oti atengedwe Lachisanu, ndadula atatu okha.