Ana atatu akudzikanda m'kalasi langa: nsikidzi kapena mphere?

Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, Kanyama:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimasamala ana a zaka zitatu ndi zinayi, ndipo masana amagona awiriawiri pa matiresi, kufunda bulangeti limodzi poti kwazizira. Kuyambira sabata yatha atatu akudzikanda osalekeza. Mmodzi watuluka totupa ting'onoting'ono m'manja. Ahedi akuti ndi nsikidzi, tipopere mankhwala m'chipinda Loweruka. Ine mtima ukukana. Ndafufuza m'misoko ya matiresi onse, nsikidzi palibe, ngakhale timadontho takuda tija imasiya.

Mphunzitsi wa ku Mtendere:
Si zipere kodi? Kwathu zavuta chaka chino.

Amatroni a ku Chilenje:
Zipere zimakhala zozungulira ngati ndalama yachitsulo, mwanawe, ndipo sizimulanda mwana tulo. Zimene wafotokozazi ine ndikukayikira mphere. Mawa pa nthawi yosamba m'manja, tenga dzanja la mwana aliyense, ulitambasule zala, uunike ndi tochi ya foni pakati pa zalazo. Kenako pamkono pamene timavala wotchi, pachigongono, m'khwapa, pamchombo ndi m'chiuno modutsa lasitiki ya kabudula. Nsikidzi imaluma pamene chovala sichinaphimbe, monga m'khosi, m'mikono ndi m'miyendo. Mphere imakonda mobisika ndi mopindika.

Uyang'anenso timizere totuwa, topindapinda, tatifupi ngati kachidutswa ka ulusi. Ndi njira imene kachilombo kakakazi ka mphere kamakumba m'khungu poikira mazira. Pakhungu lathu lakudali timavuta kuoneka, makamaka mwana akakandapo kale, choncho usanene kuti palibe mphere chifukwa sunatione.

Koma funso limene silinandinamizepo pa zaka zanga zonse mu hositelo ndi ili: kodi usiku amagona? Ndipo kunyumbako ndani wina akudzikanda?

Mphunzitsi wa ku Kanyama:
Amayi, mwalasa. Mayi a mmodzi anandiuza dzana kuti mwanayo akulira usiku wonse, ndipo pondiuzapo iwonso anali kudzikanda pamkono. Sindinaganizepo kanthu. Koma chikundisokoneza n'choti atatuwa ayamba sabata imodzi. Zingafalikire msanga chotere?

Namwino woyendera sukulu, Matero:
Sizinafalikire sabata yatha, aphunzitsi. Munthu akatenga mphere koyamba, kuyabwa kumayamba patapita masabata 4 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyo angathe kupatsira ena. Amene anadwalapo kale ndiye amamva m'masiku ochepa chabe. Ndiye ana amene akhala akufunda bulangeti limodzi ndi atatuwo muwawerengere, ngakhale khungu lawo lili see. Inunso mudziwerengere, si mumawanyamula akamalira?

Kupopera chipinda n'kutaya ndalama. Kachilomboka kamakhala m'khungu la munthu, ndipo kakachoka pathupi sikapitirira masiku awiri kapena atatu. Atumizeni ku kiliniki akaonedwe, musagamule nokha. Kumeneko amapereka mafuta opaka monga permethrin ya 5%, kapena benzyl benzoate amene amawawa pakhungu ndipo kwa ana amachita kusungunula monga akuuzirani. Amapaka thupi lonse, osati potupa pokha, mpaka pakati pa zala ndi pansi pa zikhadabo. Permethrin amagona naye usiku wonse, maola osachepera 8, ndipo kawirikawiri amabwerezanso pakatha masiku 7. Mapiritsi a mphere otchedwa ivermectin sapatsidwa kwa mayi woyembekezera kapena mwana wosafika makilogalamu 15, ndiye makolo asagule okha.

Chimene chimandipweteka mtima n'choti makolo amapaka mwana yekha, agogo ndi akulu ake ogona naye mphasa imodzi osapakidwa. Mwezi usanathe wabwerera nayo. Nyumba yonse ipake tsiku limodzi.

Mphunzitsi wa ku Mtendere:
Nanga timafuta ta betamethasone tija ta pamsika? Makolo ambiri amathamangira timeneto.

Namwino woyendera sukulu, Matero:
Ayi ndithu. Timaziziritsa kuyabwa, tizilombo tili moyo ndi kuswana, ndipo mwana akafika kwa ife zizindikiro zasokonekera. Komanso musaderere zilonda za mafinya zobwera chifukwa chokanda. Majeremusi olowa mmenemo angathe kuvulaza impso, mwana n'kuyamba kutupa nkhope ndi kukodza mkodzo wofiirira patapita masabata. Mukaona zotere, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Amatroni a ku Chilenje:
Pa zofunda, ndikudziwa kuti madzi ku Kanyama ndi ogula pa chigubu. Zovala ndi mabulangeti muchape ndi madzi otentha, muyanike padzuwa, musite. Zimene simungachape muzimange m'matumba apulasitiki sabata yathunthu. Matiresi aimikeni pambali Lachisanu, ana agone pa ena Lolemba ngati alipo.

Ndipo polankhula ndi makolo usatchule dzina la mwana aliyense. Anthu amati mphere ndi ya auve, pomwe wosamba kawiri pa tsiku amaitenganso akagona ndi wodwala. Ukachititsa manyazi kholo limodzi, enawo adzabisa ana m'majuzi a manja aatali.

Mphunzitsi wa ku Kanyama:
Ndabwera ndi yankho. Ndinaunika manja onse Lachitatu, ndipo ndinapeza asanu, osati atatu. Ku kiliniki atsimikiza kuti ndi mphere. Ahedi asiya za kupopera, ndalamazo tagula matumba ndi sopo. Makolo tinawaitana onse pamodzi osaloza aliyense, ndipo ine ndi ana anga tapaka dzulo usiku. Funso latsala: mayi wina akuti mwana akuyabwabe pomwe anapaka Lachinayi, ndipo akufuna kupakanso lero.

Namwino woyendera sukulu, Matero:
Asapake lero, angayambitse zotupa zina. Kuyabwa kumapitirira masabata 2 mpaka 4 tizilombo titafa kale. Adikire tsiku lobwereza limene anapatsidwa, amuwenge zikhadabo, ndipo mwanayo angathe kubwera kusukulu. Mukaona totupa tatsopano pambuyo pa kupaka kwachiwiri, mum'bwezere ku kiliniki pamodzi ndi onse a m'nyumbamo.