Kodi muonjezi amakhala pati m'ziganizo za passive m'Chingerezi?

Wophunzira wa ku Chibavi:
Ndikukonzekera mayeso a MSCE, ndipo ndikupempha thandizo pa ziganizo za passive voice, zimene zimafanana ndi msintho wochitidwa m'Chichewa. Kodi cholondola ndi chiti pakati pa "The maize was sold by my uncle at the market yesterday" ndi "The maize was sold at the market yesterday by my uncle"?

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Mwanawe, ziganizo zonse ziwiri ndi zolondola, koma zikusiyana pa chimene zikutsindika, chifukwa m'Chingerezi mawu oikidwa kumapeto ndiwo amalemera. Choyamba chikuyankha funso lakuti chimanga chinagulitsidwa kuti komanso liti, pamene chachiwiri chikuyankha lakuti anagulitsa ndani. Chimene uyenera kusamala kwambiri ndi dongosolo la aonjezi pakati pawo: umayamba wa mchitidwe, kenaka wa malo, ndipo wa nthawi amatsiriza. Motero "yesterday at the market" sizimveka bwino kwenikweni kumapeto kwa chiganizo, ngakhale kuti si kulakwa kwakukulu. Muonjezi wa nthawi akhozanso kutsogola, monga "In 1985 Mzuzu was declared a city", ngati chaka ndicho ukufuna kuyambira nkhani.

Mayi a ku Luwinga:
Ndikugwirizana nanu aphunzitsi, koma mwasiya muonjezi wa liwu limodzi, yemwe kawirikawiri amalowa pakati pa mneni wothandizira ndi mneni weniweni, monga "The road was badly damaged". Kapandamneni wamtali kawirikawiri salowa pamenepo. Palibe amene anganene "was at the market sold".

Mlembi wa ku Zolozolo:
Ine ndikuona kuti nkhani ya kutsindika ija imagonja pamene tanthauzo lili pangozi. Mukalemba "The thief was seen by a guard at the depot", wowerenga sadziwa ngati amene anali pa depoti ndi wakubayo kapena mlondayo, choncho ndi bwino kulemba "was seen at the depot by a guard". Komanso wochita ntchito akakhala ndi mawu ambiri omufotokoza, monga "by a guard who was going home", ayenera kupita kumapeto ndithu, apo ayi muonjezi amatalikirana ndi mneni wake mpaka wowerenga kuiwala chimene akufotokoza.