Ndagula marimu atsopano, nanga masensa a mpweya ndigulenso?

Mwini funso: Moni nonse. Ndagula marimu a aloyi a mainchesi 18, ndikufuna kuchotsa a 17 omwe anabwera ndi galimoto. Vuto n'lakuti m'mavalavu a marimu akalewo muli masensa a TPMS aja, ochenjeza mpweya ukachepa m'tayala. Wogulitsa akuti ndigule ena anayi atsopano, apo ayi kagetsi kachikasu kazingoyaka pa dashibodi. N'zoona zimenezi, kapena akungofuna kundidyera?

Dalaivala wakale: Achimwene, ine ndayendetsa galimoto mpaka imvi popanda kachipangizo kameneko. Geji ya m'thumba ndi maso, basi. Kagetsiko kamateni ndi tepi wakuda, nkhani yatha.

Wokonza matayala: Madala, za tepizo ayi. Choyamba tidziwe mtundu wake, poti ilipo iwiri. Wina ulibe sensa m'tayala n'komwe, umangowerenga liwiro la mawilo kudzera mu makina a mabuleki aja a ABS. Tayala likaphwa limachepako, ndiye limazungulira mofulumira kuposa anzake, kompyuta n'kuzindikira. Umenewo palibe chogula, mungopopa bwino n'kuchita reset. Koma bwana mwati masensa ali m'mavalavu, ndiye wanu ndi winawo: m'kati mwa tayala lililonse muli kabokosi kokhala ndi batire, kamene kamatumiza uthenga pa wailesi.

Mwini funso: Ndi umenewo. Nanga sindingangosamutsa akalewo?

Wokonza matayala: Kawirikawiri zimatheka, koma rimu ndi imene imalamula. Bowo la valavu pa marimu ambiri ndi la mamilimita 11.3, pamenepo sipavuta kwenikweni. Chimene chimavuta ndi mmene bowolo linapendekera komanso malo a m'kati. Kabokosi kaja kamafunika kugona m'chigwa cha pakati pa rimu. Pa marimu ena amafashoni, makamaka a mlomo wautali aja, kamatsamira pa chitsulo kapena kamangoti njo, ndiye tsiku lovula tayala kamathyoka. Tengani sensa imodzi muiyese pa rimu yopanda tayala, muone ngati natiyo ikukhala bwino ndipo labala wake akutseka. Mphindi zisanu zokha.

Mayi wa pikapu: Ine zinandionekerapo. Mnyamata wina pamalo okonzera matayala anaika chitsulo chomatulira tayala chija pa valavu penipeni. Ndinangomva kuti thyo! Atavula, sensa ili lende, yangotsala ndi kapulasitiki. Iye nkumati inali yothyoka kale. Kuyambira pamenepo ndimaimirira pompo n'kunena ndekha kuti muli masensa umo.

Dalaivala wakale: Mwaona? Chinthu chongobweretsa mikangano.

Mayi wa pikapu: Ayi bambo, ndinagulabe ina. Inandichenjezapo usiku ndili pa liwiro, msomali utalowa kumbuyo, ine osamva kalikonse pa chiwongolero.

Wokonda kuwerenga: Tisaiwale kumene zinachokera. Ku America anthu ambiri anafa pa ngozi za Ford Explorer zokhala ndi matayala a Firestone omwe ankasupuka, ndipo mu 2000 anakhazikitsa lamulo la TREAD Act. Kuyambira September 2007 galimoto zatsopano zing'onozing'ono kumeneko zimayenera kukhala ndi TPMS, ndipo ku European Union zinatero kuyambira November 2014. Komabe madalawa akunenako zoona pena. Lamulo la ku America limafuna kuti getsi liyake mpweya ukatsika ndi 25 peresenti. Tayala la 32 psi ndiye kuti lafika pa 24. Pofika apo mwawononga kale mafuta ndi m'mbali mwa tayala. Geji musaitaye.

Dalaivala wakale: Eya, ndi zimene ndikunenazo.

Wokonza matayala: Theka lokha, madala. Geji imathandiza galimoto itaima, msomali umalowa ikuyenda. Ndipo taonani zimene bwanawa achita: achoka pa 17 kupita pa 18, ndiye tayala lawo likhala lopyapyala m'mbali. Tayala lotero ngakhale litataya mpweya wambiri limaonekabe ngati lili bwino. Maso aja pamenepa amanama. Mukagunda dzenje lili choncho, mwapinda rimu yatsopanoyo.

Mwini funso: Galimotoyi ili ndi zaka 8, masensa sanasinthidwepo.

Wokonza matayala: Aaa, mukanayamba ndi zimenezo! Batire yake imakhala zaka 5 mpaka 10, ndipo inamatiridwa m'kati, siisinthika. Mukasamutsa lero, mawa imodzi ifa, muvulenso tayala, muchitenso balansi, kenako inanso. Apa wogulitsa uja sakunama. Chizindikiro chake n'chakuti getsi limaphethira pafupifupi mphindi imodzi mukangoliza injini, kenako n'kuyaka osazima. Likatero vuto si mpweya, ndi sensa.

Pogula samalani ndi frequency, kutanthauza mafunde a wailesi amene sensa imatumizirapo uthenga. Ambiri a ku North America ndi 315 MHz, a ku Ulaya 433 MHz, ndipo mukalakwitsa galimoto siimva chilichonse. Alipo otha kupulogalamidwa, monga a Autel kapena Schrader, omwe amakopera ID (nambala yoizindikirira) ya sensa yakale, galimoto osadziwa n'komwe kuti mwasintha. Apo ayi pamafunika kuiphunzitsa masensa atsopanowo. Zina zimaphunzira zokha mukayendako pang'ono, zina mpaka makina olumikiza pa OBD, soketi ya kompyuta ya galimoto.

Mnyamata wa mafashoni: Bwanji osangogula aja omangira kunja ngati kachivindikiro ka valavu? Otchipa, ndipo amaonetsa pa foni.

Wokonza matayala: Amagwira, koma salankhula ndi kompyuta ya galimoto, ndiye getsi lija liyakabe. Komanso amalemera pa valavu ya labala, ndipo amabedwa mosavuta.

Mayi wa pikapu: Ndiwonjezereko: ngati valavu ndi ya aluminiyamu, musaikepo kachivindikiro kachitsulo konyezimira kaja. Kamachita dzimbiri n'kumatirira, pomasula valavu n'kuduka. Kapulasitiki wamba ndiye kabwino.

Mwini funso: Ndamva. Akalewo ndiwasiya m'marimu akale momwemo. Mawa ndikayesa kaye sensa imodzi yatsopano pa rimu yatsopano ndisanalipire. Nanga akakopera ID, marimu akale aja ali m'galaja pafupi ndi galimoto, sizisokonezana?

Wokonza matayala: Zingathe, poti ID imodzi ikhala pawiri. Asungeni patali ndi pamene mumaimika.

Dalaivala wakale: Tepi wanga sanafunepo ID.