Za kukweza lendi: ndabwera ndi mmene zathera

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinafunsa mmene ndingakwezere lendi ya nyumba zitatu za pa puloti imodzi ku Area 25 popanda kuthamangitsa alendi, poti simenti, malata ndi penti zinakwera kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Ndinatsatira amene munati ndipereke notisi yolemba ya miyezi itatu, ndikweze pang'ono, komanso nyumba iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM. Mabanja awiri atsala, limodzi lasamuka. Mkangano wa mayunitsi watheratu. Bilu ya madzi tikuigawa potengera kuchuluka kwa anthu m'nyumba, ndipo zimenezi zalembedwa mu mgwirizano.

Amene muli ndi vuto lomweli, yambani mwawerengera. Lendi ya K100,000 mukaikweza ndi K10,000, nyumba n'kukhala mwezi umodzi yopanda munthu, mwataya zowonjezera za miyezi 10, osawerengera penti ndi maloko. Mlendi wolipira pa nthawi yake musamutaye chifukwa cha ndalama yochepa chonchi. Jambulaninso zithunzi za zitseko, mawindo ndi mipopi munthu asanalowe, chifukwa popanda umboni dipoziti imabweretsa phokoso potuluka.