Thumba la ophunzira zamalamulo kapena mjigo wachiwiri

Wapampando: Abambo ndi amayi, pamsonkhano wathu wa ku Rosettenville kuno ku Johannesburg nkhani iyi sitinaimalize, choncho tiikambirane muno tisanayambe kutolera zopereka. Ganizo lilipo ndi lakuti gawo la ndalama za gulu tizisungira ana a kwathu ku Ntcheu amene akufuna kuphunzira zamalamulo, pomwe ganizo lina ndi loika mjigo wachiwiri kumudzi.

Msungichuma: Ine ndikugwirizana nalo, koma tidziwiretu kutalika kwake. Ku University of Malawi ku Zomba mwana salowa zamalamulo akangolemba MSCE. Amayamba waphunzira zina kwa chaka chimodzi, kenaka n'kulimbirana malo ndi anzake, ndipo digiriyo imatenga zaka 4. Akamaliza angafunikenso kupita ku Malawi Institute of Legal Education asanaloledwe kuimira anthu pamilandu. Tikalonjeza mwana lero, ndiye kuti tadzimanga zaka pafupifupi 6.

Mayi a ku Mayfair: Apampando, mundikhululukire, ine ndikutsutsa. Mjigo umamwetsa mudzi wonse, pamene loya akamaliza sukulu amakakhazikika ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Komanso boma lili ndi ngongole za ophunzira, nanga ife tikuvutikiranji?

Bambo a ku Yeoville: Mayi, ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board ilipodi kuyambira 2015, koma si aliyense wopempha amene amapatsidwa, ndipo amene wapatsidwayo amasowabe ya nyumba, chakudya ndi laputopu. Chimene makolo ambiri amachizindikira mochedwa n'chakuti thandizo lotchuka ngati Chevening, lokaphunzira ku Britain, ndi la digiri yachiwiri, pamene chaka choyamba, chomwe ana athu amagwera, chimadalira thumba la kunyumba. Kubweretsa mwana kuno sikupepukitsa katundu: NSFAS, thumba la boma la South Africa lothandiza ophunzira, sithandiza wobwera ndi pasipoti ya Malawi, ndipo ngakhale ana a m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko ku yunivesite ya Wits, viza ya sukulu imafuna kuti akhale pa medical aid (inshuwalansi ya zachipatala). Za kukhazikika m'tauni ndavomera, komatu milandu ya malo imene yachuluka kwathu timaiperekanso kwa maloya a m'tauni omwewo, amene sadziwa ngakhale malire a minda yathu.

Msungichuma: N'chifukwa chake ndikupempha kuti tizisankha mwana akadali Folomu 3, kuti pofika nthawi ya fizi tikhale titasonkhanitsa kale. Ndalamazo tizisunge m'marandi kuno ndi kutumiza semesita iliyonse, pakuti tonse tikukumbukira momwe kwacha inagwera ndi 44% mu Novembala 2023.

Mayi a ku Mayfair: Ndingavomere pokhapokha tiyambe ndi mjigo chaka chino, ndipo mwanayo asankhidwe ndi aphunzitsi potengera makhozedwe ake, osati chifukwa ndi mphwake wa wina wa m'komiti.

Wapampando: Mlembi alembe maganizo onse awiri pamodzi ndi mfundo ya mayiwa, ndipo tidzavota Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Amene muli pashifiti tumizani voti yanu kwa mlembi Loweruka lisanathe.